Ndege ya Akapitawo ku Kanengo

Ana inu mukamva dzina loti Kanengo, m'mutu mwanu mumabwera fungo la fodya, mizere ya mathiraki ndi fumbi la pamsewu wa M1. Sindikukudzudzulani, ndi zimene mwapeza. Ife amene tinafika kuno mzinda ukadali wakhanda tili ndi Kanengo wathu wina, ndipo ambiri amene tinkamudziwira limodzi tinawaperekeza kale kumasano. Mwezi wathawu tinakaika mnzanga wotsiriza wa m'kagulu kamene kankagwira mchira wa ndege Lamulungu masana. Tsopano ndatsala ndekha woti n'kusimba, ndiye khalani pansi mumve.

Likulu la dziko linasamuka ku Zomba kudza ku Lilongwe mu 1975. Njanji yochokera ku Salima inafika mu 1979 ndi thandizo la dziko la Canada, chaka chotsatira n'kupitirira mpaka ku Mchinji. Okushoni ya fodya nayo inatsegulidwa mu 1979, ndipo nkhokwe zazitali zakonkire zija, zotha kusunga matani 180,000 a chimanga, zinkaoneka munthu usanalowe n'komwe mumzinda. Ntchito inalipo. Ine ndinachoka kwathu ku Dowa ndili mnyamata wosadziwa kusiyanitsa sipanala ya 10 ndi ya 13, n'kulembedwa usipanala boyi pa wekishopu ya kampani ina ya fodya. Ukangodutsa mafakitale, kunali madambo, minda ndi tchire. Ku Area 25 nyumba zinali patalipatali, ndipo munthu unkatha kuyenda mtunda osakumana ndi mpanda wa njerwa.

Mkulu wa wekishopuyo dzina lawo ndilisunga, poti ngakhale ali moyo tonse tinkangoti Akapitawo. Anali munthu wosayankhulayankhula. Anagwirako ntchito ku migodi ya ku Joni, kukonza mapampu ndi makina opopera mpweya pansi pa nthaka. Kumeneko ndi kumene anaona azungu akuulutsa tindege toyendetsedwa ndi wailesi masiku opuma. Anayamba n'kuonerera patali, kenaka tsiku lina injini ya wina itakana kulira anapempha kuti aiyang'ane, ndipo kuyambira pamenepo ankaitanidwa mlungu uliwonse.

Chimene chinawabweza kumudzi ndi chimenenso chinabweza anthu ambirimbiri. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4 inagwa itangonyamuka ku Francistown, m'dziko la Botswana, ikubweza anthu a ku migodi kwawo. Amalawi oposa 70 anafera pomwepo, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu opita ku migodi ya ku South Africa. Ofufuza anapeza kuti m'mafuta a ndegeyo munali mutasakanikira mafuta a ndege za jeti. Nkhani imeneyi Akapitawo sankaisimba kawirikawiri, koma inkaonekera m'manja mwawo. Chigubu chilichonse cha mu wekishopu chinali cholembedwa ndi penti: petulo, dizilo, palafini. Munthu wothira mafuta m'makina asananunkhize ndi kuyang'ana ankabwezedwa kunyumba tsiku limenelo. Ankati, "Iwe mnyamata, injini simafunsa. Chimene waipatsa imamwa."

Tinjini ta tindege timene anationa ku Joni sitinkamwa petulo. Tinkafuna methanol wosakaniza ndi mafuta a nsatsi. Nsatsi kwathu kuno zimamera zokha kudzala, koma methanol sukanamupeza pa filingi siteshoni. Kenaka anawerenga m'magazini ina yakale kuti ku Canada anthu atenga injini ya makina ochekera mitengo n'kuisandutsa ya ndege, imene ankaigulitsa pa dzina loti Quadra, ya 35cc. Iwo anangoti ngati a ku Canada atha, ifenso manja tili nawo. Anagula makina ochekera mitengo akufa kwa mwini esiteti ina, n'kuchotsa tcheni, kalatchi, zogwirira ndi zitsulo zonse zongolemetsa. Anasula kachitsulo komangirapo pulopela pa makina a lathe atatha maola a ntchito. Maginito anawasiya mmene analili, chifukwa ndi amene amapereka moto ku pulagi popanda batire. Mpata wa pakati pa koyilo ndi gudumu la maginito ankauyeza ndi kachikatoni ka paketi ya ndudu.

Thupi la ndege linali la matabwa opyapyala a mabokosi a tiyi. Mitengo yopepuka ya balsa, imene yambiri imachokera ku Ecuador, inabwera pang'ono chabe ndi dalaivala wina wa thiraki, pamodzi ndi wailesi ya Futaba ya ku Japan yokhala ndi mlongoti wautali. Potsala ponse anaikapo paini wa ku Chikangawa wocheka mopyapyala, n'kukuta ndi nsalu yopaka vanishi. Mapiko anali otalika pafupifupi mamita 2. Pulopela anaisema okha, n'kuikoloweka pa kamsomali kuti aone mbali yolemera, n'kumapala ndi sandipepa mpaka itaima bwinobwino osapendekera kulikonse. Ntchito imeneyi inadya miyezi. Ife achinyamata mtima unkathamanga, iwo n'kumangotikumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kumangirira injini pa ndege kunali sukulu payokha. Injini ya petulo ya pisitoni imodzi imanjenjemera kwambiri, moti nati iliyonse yosamangidwa bwino imamasuka yokha mumlengalenga. Thabwa la kutsogolo linali lochindikala kuposa onse, ndipo nati iliyonse inali ndi inzake yoitsekera. Tipaipi ta mafuta sitinkangotola paliponse, chifukwa tina tofewa timafufuma tikakhudzana ndi petulo n'kuvuka tokha. M'kati mwa thanki munali kapaipi kogonja kokhala ndi kasefa kolemera kumapeto, kuti ndege ikapendekeka kapena kugadama, kasefako kazitsatira kumene mafuta apita. Kuyambira mu 1982 petulo wa m'dziko muno anayamba kusakanizidwa ndi ethanol wa ku Dwangwa, wopangidwa kuchokera ku nzimbe. Zimenezi zinathandiza dziko pa nthawi imene nkhondo ya ku Mozambique inali kutseka njira za ku Beira ndi Nacala, koma ethanol amakoka chinyontho ndipo amaumitsa timphira topyapyala ta m'kabureta. Choncho lamulo linali lakuti tikaweruka kubwalo, mafuta onse atuluke m'thanki, injini ilire mpaka izime yokha.

Mdani wamkulu anali moto wa pulagi. Pulagi ikathetheka imatulutsa mafunde amene amasokoneza wailesi, ndipo ndege yosamva wailesi imapita kumene yafuna. Akapitawo anaika kabokosi kolandira mawu a wailesi ndi batire yake kumbuyo, kutali ndi injini ndi masentimita osachepera 30. Ndodo yokankha thirotolo anakana kuti ikhale ya waya, poti waya ukanatenga phokosolo kuchokera ku injini n'kulipititsa ku wailesi, ndiye anasema ya nsungwi. Paliponse pamene chitsulo chinkakhulana ndi chitsulo chinzake anaikapo mphira. Kunja kwa ndege kunali switchi yozimitsira injini, pamalo poti dzanja lifikepo popanda kudutsa pa pulopela. Pomaliza ankanyamula ndege yonse pa nsonga za zala ziwiri pansi pa mapiko, chakutsogolo pang'ono, thanki ili yopanda kanthu. Mphuno ikawerama pang'ono, ankagwedeza mutu kuti zili bwino. Mchira ukalemera, tsiku limenelo kuuluka kulibe.

Mafuta ankasakaniza okha. Injini ya mtundu umenewu ilibe posungira oyilo, oyilo wake amayendera limodzi ndi petulo. Itangoikidwa ring'i yatsopano, ankathira mamililita 40 a oyilo wa two-stroke pa lita imodzi ya petulo, poyeza ndi sirinji osati ndi maso. Ring'i itakhazikika anachepetsako kufika cha m'ma 30. Asanaiike n'komwe pa ndege, injini inayamba yalira matanki angapo itamangidwa pa benchi, ikumwa mopitirira pang'ono, akuikweza ndi kuitsitsa, n'kumaipumitsa kuti izizire.

Lamulungu tikaweruka ku mapemphero tinkanyamula ndege pa njinga ziwiri, thupi kwina mapiko kwina, kupita ku bwalo limene tinalambula tokha m'mbali mwa dambo. Ntchito yanga inali kuima chotang'adza mchira uli pakati pa miyendo, kuti injini ikalira ndege isathawe. Choyamba Akapitawo ankayenda mtunda ndi wailesi, mlongoti uli wopinda, ife n'kumafuula ngati zowongolera zikumvabe. Akabwerako ankatseka choko, switchi ili yozima, n'kumazunguza pulopela pang'onopang'ono mpaka petulo ataoneka akukwera m'kapaipi. Kenaka switchi, gulovu yachikopa kudzanja, n'kumenya pulopela mwamphamvu, chifukwa maginito safuna dzanja laulesi. Injini ikatsokomola kamodzi, ankatsegula choko, n'kumenyanso. Ikagwira, agalu a m'midzi yonse yozungulira ankayamba kuuwa. Palibe amene ankaloledwa kuima kutsogolo kapena m'mbali mwa pulopela, ngakhale mfumu.

Pamenepa ndi pamene pali chimene ndikulira. Pa kabureta ya Walbro pali tisikuluwu tiwiri tosongoka, kena kolembedwa L, kolamula mafuta injini ikamalira pang'onopang'ono, kena H, kolamula ikatsegulidwa yonse. Poyambira, tonse tiwiri ankatitsegula kuzungulira kamodzi ndi theka. Kuchokera apo buku linalibenso chonena, otsala anali makutu. Akapitawo ankatsinzina, mutu n'kupendeketsa. Injini ikamalira mokakamira, mawu ake akuduladula, utsi uli tolotolo, ankati yakhuta. Ikamalira mokwera kwambiri, mawu owonda, kenaka n'kuyamba kufooka ikatentha, ankati ili ndi njala, ndipo njala ndi imene imapha injini, poti mafuta akachepa ndiye kuti oyilonso wachepa, pisitoni imagwira. Ankazimitsa kaye, n'kupotoza kasikuluwu pang'ono zedi, mwina mulingo wa kuchindikala kwa nsonga ya sikuludiraiva, n'kulizanso. H ankamutseka mpaka injini ifike pachimake, kenaka n'kumubweza pang'ono kuti itsale ndi kampata, chifukwa m'mwamba pulopela imapepukidwa ndipo injini imafuna mafuta ochulukirapo. L ankamuyesa potsegula thirotolo mwadzidzidzi. Ikazima nthawi yomweyo, njala. Ikayamba yabwebweta kenaka n'kukwera, kukhuta. Madzulo ankamasula pulagi n'kutionetsa tonse. Yakuda ndi yonyowa inkanena zakezake, yoyera mbuu inkawakwiyitsa, yabwino inkaoneka ngati tiyi wothira mkaka.

Anatiphunzitsanso kuti mpweya sufanana. Lilongwe ali pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka kusiyana ndi wa ku Salima. Injini yoikidwa bwino m'nyengo ya mwera, mu June, imakhala yokhuta ikafika October, dzuwa litaswa mtengo. Tsiku lina tinapita nayo kunyanja, ndipo asanailize n'komwe anatsegulako H pang'ono. Titafunsa, anatibwezera funso kuti tiganize tokha. Mnzanga amene tamuika uja ndi amene anayankha molondola, ndipo ankanyadira yankho limenelo mpaka ukalamba wake.

Za kuuluka kwenikweniko sindichulutsa mawu. Inkathamanga pa bwalo fumbi lili kobo, mchira n'kudzuka, kenaka mawilo n'kusiya nthaka. Ana ochokera ku Mgona ndi ku Area 25 ankabwera chothamanga atagwira magalimoto awo a waya, ndipo pasanathe mwezi ena anayamba kubwera ndi ndege za waya ndi mapesi zokhala ndi pulopela ya chitini. Bwalo la ndege la ku Lumbadzi litatsegulidwa mu 1983, Akapitawo anaika lamulo lina: tikangomva ndege yaikulu, yathu itere msanga. Zinali zaka zimene ndege za KLM ndi British Airways zinkatera ku Lilongwe, ndipo mabanja ankapita kukaonerera pakhonde la pamwamba. Nthawi zina injini yathu inkazima m'mwamba. Pamenepo onse tinkangoti zii, iwo n'kuweramitsa mphuno ya ndege kuti isataye liwiro, n'kuibweretsa popanda injini. Inathyokapo mapiko, inagwerapo m'munda wa chinangwa, koma nthawi zonse tinkabwerera nayo n'kukaimanga.

Anthu ena ankati ndi masewera a munthu wamkulu wosowa chochita, ena ankanong'ona kuti ndi zamatsenga. Koma taonani chimene chinatuluka pa bwalo lija. Anyamata amene ankagwira mchira ndi kunyamula chigubu, mmodzi anakhala makaniko wa zigayo, ankaitanidwa mpaka ku Mponela ndi ku Madisi. Wina anatsegula galaja ya njinga zamoto ku Biwi. Wina ankakonza mapampu a m'madimba ndi majenereta ku Kawale. Palibe anatilipiritsa, palibe anatipatsa satifiketi. Tinangoima pafupi ndi munthu wodziwa kwa zaka, tikumvera limodzi naye injini imodzimodziyo, mpaka makutu athu anatseguka.

Kutha kwake sikunabwere tsiku limodzi. Kwacha itayamba kugwa m'zaka za m'ma 1990, pulagi ndi timphira ta kabureta zinasanduka zinthu zoganizira kawiri. Malo amene tinkaulutsira anayamba kudulidwa mapuloti, kwina nyumba, kwina mashedi osungiramo katundu, ndipo pamene panali bwalo lathu lero pali mpanda wokhala ndi waya wamagetsi. Koma chachikulu chinali maliro. Matenda a Edzi anadutsa m'mawekishopu a ku Kanengo n'kutenga anthu a zaka za pakati, amene anali atangomaliza kuphunzira ndipo anali asanayambe kuphunzitsa. Mlungu wina tinkaika wowotcherera, mlungu wina dalaivala, mlungu wina wa magetsi. Amisiri amene anayenera kukhala akapitawo a lero anagona ali ndi zaka 35 kapena 40. Akapitawo athu eni ake anapuma ntchito n'kubwerera kumudzi, kumene anamwalira atadwala nthawi yochepa. Titapita kukakhuza, ndege tinaipeza itapachikidwa kudenga, chiswe chitadya nthiti za mapiko. Injini inatengedwa ndi wachibale amene ankafuna kupangira pampu, ndipo inathera kwa ogula zitsulo pa sikelo. Ngakhale ndege zazikulu zija zinasiya kubwera, ndipo Air Malawi, imene inayamba mu 1964, inatsekedwa mu 2013.

Musaganize kuti ndikudana ndi za masiku ano. Mu 2016 boma ndi bungwe la UNICEF anayesa tindege ta drone mu Lilongwe momwemuno, kuti tizinyamula magazi a makanda oyezedwa HIV kuchoka ku chipatala chaching'ono kupita ku Kamuzu Central. Mu 2017 anatsegula malo oyeserapo tindegeti ku Kasungu, ndipo mu 2020 kunayamba sukulu ya African Drone and Data Academy, kumene anyamata ndi atsikana athu akuphunzira kupanga ndi kuulutsa. Nditamva, misozi inalengeza. Chimene anthu ankatcha masewera a munthu wosowa chochita lero chikunyamula mankhwala, ndipo chikuthandiza polimbana ndi matenda omwe aja anatimaliza. Akapitawo akanakhalapo bwenzi ali patsogolo pa mzere, akufunsa mafunso mpaka aphunzitsi kutopa. Mawailesi a lero sasokonezeka ndi pulagi monga ankachitira athu, ndipo mota ya batire sifuna choko kapena sirinji. Zonsezo ndi zabwino.

Chondiwawa n'chakuti dziko lathu silinasiye kuyendera tinjini ta petulo. Magetsi akazima, majenereta amalira mu Area 23 monse. Njinga zamoto za kabaza zadzaza misewu ya ku Chinsapo ndi ku Area 25. M'madimba muli mapampu, m'nkhalango muli makina ochekera mitengo. Ndikakhala pakhonde ndimamva jenereta ya kwa aneba ikulira ndi njala usiku wonse, mwini wake ali phee m'nyumba, ndipo ndimadziwa kuti sifika Khirisimasi. Mnyamata wa pa galaja akalephera kuiliza, amati kabureta yatha, gulani ina. Amaitaya yabwinobwino chifukwa cha kamphira kamodzi kouma kapena kadothi kotseka kabowo. Petulo wogula m'zigubu pa nthawi ya kusowa kwa mafuta amathiridwa osasefa, osanunkhiza. Anyamatawa si opusa, ena ndi ochenjera kutiposa ife. Anangosowa munthu woima naye pafupi, chifukwa amene akanawaphunzitsa tinawaika m'manda anyamatawa asanabadwe.

Nanenso ndikutha. Zaka zonse zija za m'phokoso la mafakitale zinanditengera khutu lakumanja, ndipo lakumanzere layamba kundinamiza. Zimene ndakuuzanizi mukhoza kuzilemba: mamililita, masentimita, kuzungulira kamodzi ndi theka. Koma kusiyana kwa injini yokhuta ndi yanjala sikulembeka, kumafuna anthu awiri ndi injini ikulira pakati pawo. Choncho adzukulu anga, ndi inu a kabaza amene mumandipatsa moni podutsa, musadikire kudzandiimbira nyimbo pa maliro. Bwerani ndi jenereta yakufayo Loweruka m'mawa, mutenge sikuludiraiva yaying'ono ndi lita imodzi ya petulo woyera. Mudzakhale mbali yakumanzere kwanga, ndipo muyankhule mokweza.